Pakamwa Ndi Inu, Pameseji Ndi Iwe

Foni ya Mzime inalira patebulo, pakati pa kapu ya tiyi ndi mbale ya shuga, ndipo mwini wake anangoipenya mpaka inatopa yokha. Itangokhala chete anaitola n'kulemba mwachangu: "Mwadzuka bwanji? Ndili patebulo ndi a kunyumba. Lembani, ndikuyankhani."

"Koma iwe uli ndi matenda ako," anatero achemwali ake uku akupaka majarini pa buledi. "Munthu akukuimbira, foni ili pamphuno pakopa, iwe ukudikira kuti isiye kaye kulira, kenako n'kumalemba kalata. Unaiguliranji? Ukanangogula maenvelopu ndi masitampa."

Mzime anabwezera foni ija patebulo. Iye ndiye anali womaliza kubadwa m'nyumbamo, ndipo dzina la umzimelo linamukanirira mpaka lenileni linangotsala pa mapepala a kusukulu. Anali mtsikana wamkulu ndithu, wogwira ntchito pa kasitolo kotaipa makalata ndi kujambula mapepala, koma foni ikalira ankasanduka mwana. Zaka ziwiri zinali zitatha asanayankhepo foni ya munthu aliyense. Anzake anazolowera, abwana ake anadandaula mpaka anatopa, ndipo a kunyumba ankangoti ndi matama.

Bambo ake anatsitsa nyuzipepala. Anthu ankawatchulabe Aphunzitsi ngakhale choko anachisiya kalekale, ndipo nawonso sanasiye kuphunzitsa. Anangosintha kalasi, kuchoka kusukulu kubwera patebulo la chakudya.

"Meseji ndi youzira munthu kuti basi yachedwa," anatero. "Koma ukafuna kupempha, kupepesa, kapena kunena za matenda, umaimba. Mawu a munthu ali ndi nkhope, zilembo zilibe. Mnyamata amene akukuimbirayo zimenezi akuzidziwa. Ine anandiimbira yekha, anapereka moni, anafunsa ngati ndili ndi mpata, kenako n'kunena chimene amafuna. N'chifukwa chake ndamuuza kuti Lamulungu abwere ndidzamuone."

"Wowotcherera zitsulo, bambo," anatero achemwali aja uku akupotoza mlomo. "Mwana wanu munamuphunzitsa kuti azikachapa maovololo?"

"Ndati ndidzamuone. Sindinati ndamulola."

Anapinda nyuzipepala ija, nayang'ana mpando wa pafupi ndi zenera, umene panalibe amene ankakhalapo. Mawu awo anatsika.

"Mayi anu nawonso, kaya chinawagwira n'chiyani. Tsiku lija foni inali m'manja mwawo, mayunitsi analimo, koma sanaimbire munthu ngakhale mmodzi. Mpaka lero ndimadzifunsa. Akanangoimba."

Mzime anakankhira kapu ya tiyi kumbali. Anaimirira, nati akuchedwa kuntchito, ngakhale kuti nthawi inalipo yambiri.

* * *

Mmisiri wa zitsulo uja anadziwana ndi Mzime miyezi isanu ndi itatu yapitayo, pomwe anabwera kudzaika zitsulo m'mawindo a kasitolo kaja. Anali munthu wamtali, wosathamangira kuyankhula, wa manja odzaza tizipsera ta moto. Atamaliza ntchito, Mzime anamupatsa pepala loti asaine. Iye analiyang'ana, nalikankhira kutali, nalibweza pafupi, kenako anaseka.

"Tandiwerengereni inu, maso anga akadali ndi utsi."

Anamuwerengera. Tsiku lotsatira munthu uja anabweranso, ati kudzaona ngati zitsulo zagwira. Zitsulo zinali zitagwira bwinobwino. Chimene chinali chitagwedezeka ndi mtima wa mmisiriyo.

Atapatsana manambala, Mzime anamuuza poyera kuti iye foni sayankha, amalemba. Mmisiri anakanda mutu, nati chabwino, koma sanasiye kuimba: kamodzi m'mawa, kamodzi masana, ngati munthu wogogoda pachitseko chimene akudziwa kuti sichitsegulidwa, kungoti a m'nyumba adziwe kuti anadutsa. Mzime ankadikira kuti kulira kuthe, n'kulemba. Yankho linkabwera, koma mochedwa, nthawi zina patapita ola.

Tsiku lina, atakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa kasitolo, anatsutsana za nkhaniyi mwamacheza.

"Foni ndi mlendo wosadziwa kuodira," anatero Mzime. "Imangolowa, kaya ukudya, kaya ukusamba, kaya ukulira, ikufuna uyankhe pompo. Meseji ili ndi ulemu. Imafika pakhomo, n'kukhala pansi, n'kudikira kuti mwini nyumba avale kaye."

"Koma meseji siseka," anayankha Mmisiri. "Mukandilembera kuti muli bwino, ndidziwa bwanji kuti mulidi bwino? Munthu akanama pakamwa, mawu ake omwe amamuulula. Ine kasitomala akandiimbira ndimadziwira pa moni pomwe kuti geti lamusangalatsa kapena likukhula pansi."

"Nanga mawu oipa? Ukayankhula watulutsa basi, sabwereranso. Ukalemba umafufuta."

"Chofufutidwa chimapita kuti?" anafunsa iye mwanthabwala, ndipo anadabwa kuona Mzime wazizira, akuyang'ana kumbali. Sanafunsenso.

Panali kachinthu kena kodabwitsa. Pamaso, Mmisiri ankamutcha "inu". Ngakhale akuseka, ngakhale akumwera botolo limodzi la zakumwa, anali "inu" basi: mwadya, mwatopa, tiyeni ndikuperekezeni. Koma m'mameseji munali "iwe". "Uli bwanji iwe." "Ndakusowa iwe." Mzime anazimasulira mwa njira yomukomera, monga amachitira aliyense amene chikondi chamulowa m'maso. Ankati kulemba kumamasula munthu. Nanga si nayenso pakamwa ankachita manyazi, koma akagwira foni mawu ankangotuluka ngati madzi apampopi? Ndiye ankadziuza kuti ali ndi amuna awiri mwa mmodzi, waulemu wa pamaso ndi wolimba mtima wa m'zilembo, ndipo onse awiri ankawakonda.

* * *

Tsiku la nkhani ya patebulo ija linali Lachinayi, ndipo ntchito inali yochepa. Makina ojambulira mapepala anali chete, fani inkazungulira mwaulesi, ndipo mawu a bambo ake aja ankangomubwerera: akanangoimba. Lamulungu linali pafupi. Mzime anaona kuti sangalole munthu kulowa m'nyumba mwawo, kudzakhala moyang'anizana ndi mpando wa pazenera uja, asakudziwa kuti mkazi amene akumufunayo ndi wotani. Pakamwa sakanatha. Anatenga foni, nalemba, nafufuta, nalembanso, mpaka zinakhala motere:

"Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo anga. Tsiku limene mayi anamwalira anandiimbira katatu. M'mawa mwake tinali titakangana chifukwa cha diresi limene ankati ndi lalifupi, ndiye ndinaona foni ikulira n'kuisiya dala, kuti nawonso amve kuwawa. Foni yachinayi inali ya achemwali, ndipo imeneyo ndinayankha. Anandiuza kuti mayi awapeza atagwa pakhomo la kukhitchini. Pa maliro ndinatenga foni yawo n'kufufuta ponse posonyeza kuti anaimba. Bambo mpaka lero amati mayi sanaimbire aliyense. N'chifukwa chake foni ikalira manja anga amauma. Ngati mukufunabe kubwera Lamulungu, bwerani mukudziwa."

Anatumiza, naivundikira foni ija patebulo. Kunabwera mayi wina wofuna kalata yofunsira ntchito, ndipo Mzime, amene sankaphonya chilembo, anailakwitsa kawiri. Patapita ola ndi theka foni inanjenjemera.

"Iwe zakale zisiye. Usamandilembere zitalizitali, ndili bize."

Anawerenga kawiri. Kunena zoona, akanamutukwana bwenzi zili bwinoko, chifukwa wotukwana ndiye kuti wamva. Koma kutsegula chilonda cha zaka ziwiri, munthu n'kukuuza kuti ali bize! Mzime analowa m'kachipinda kosungiramo mapepala, natseka chitseko, nalira mwakachetechete pakati pa makatoni.

* * *

Madzulo ake Mmisiri anaimba kawiri, zomwe sizinali za masiku onse. Mzime sanayankhe, ndipo ulendo uno sanalembenso. Achemwali ake anamupeza kuseri kwa nyumba akuanula zovala pachingwe, maso ali psuu.

"Wakutani wazitsulo wako?"

"Palibe."

"Palibe amafiiritsa maso? Bweretsa kuno."

Mzime anakankhira m'mwamba uthenga wake wautali uja kuti usaoneke, nawaonetsa yankho lokha. Achemwali anawerenga, natsinzina diso limodzi. Mmisiri sankamufuna ngakhale pang'ono, koma nzeru zokha sanamanidwe.

"Ine ndikanakondwa kukuuza kuti ndinanena kale. Koma dikira. Tsiku lija anaimbira bambo ndinali pomwepo, bambo anaika pa sipika, ndinamva zonse. Munthu uja ngakhale mphaka wathu akhoza kumutcha 'inu'. Ameneyo ndi amene walemba kuti 'iwe zakale zisiye'?"

"Akamalemba amatero."

"Nthawi zonse?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Ndiye mwana wa mayi anga, pali ziwiri. Kapena munthu wako ali ndi nkhope ziwiri, kapena foni yake ili ndi manja anayi. Mwa ziwirizi palibe chabwino. Ndikanakhala ine, ndikanamuuza kuti Lamulungu asavutike, asunge sopo wake."

Anasenza beseni la zovala n'kulowa m'nyumba, kumusiya Mzime ataima ndi zopanira m'manja. Iye amene tsiku lililonse ankakonza zolakwika m'makalata a anthu, amene ankadziwira pa mzere woyamba kuti kalata iyi walemba ndi mwini wake kapena wachita kulemberedwa, anali asanadzifunsepo funso limeneli kwa miyezi isanu ndi itatu. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo.

* * *

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro Mzime anakwera basi kupita kumene Mmisiri ankagwirira ntchito, malo amene anali atafikako kamodzi kokha. M'basimo bambo wina ankakalipira mlamu wake pafoni, mpaka okwera onse anadziwa kuti mlamuyo anabwereka wilibala n'kuibweza yopanda tayala. Mtsikana wa pambali pa Mzime ankangolemba, akumwetulira yekha. Masiku ena Mzime akanati waulemu ndi uyu. Lero anadzipeza akufunsa chamumtima kuti kodi amene akumuyankha mwana wa eniyu ndi ndani kwenikweni.

Anatsikira patali, naima kutsidya kwa msewu pakhonde la sitolo ya nsapato. Kuchokera pamenepo ankaona zonse: shedi ya malata, mageti osapenta atatsamira khoma, ndi Mmisiri atawerama pa chitseko chachitsulo, moto wabuluu ukuthetheka patsogolo pake. Pafupi ndi shediyo panali golosale yaing'ono ya zenera limodzi.

Analemba mawu awiri okha: "Muli kuti?"

Anamuona akuzimitsa makina, akuvula magalasi akuda, akupisa m'thumba la ovololo. Anatulutsa kafoni kake ka mabatani. Anakayang'ana, nakakankhira kutali, nakabweza pafupi, chimodzimodzi ndi pepala lija la tsiku loyamba. Kenako anapukuta manja, nalunjika pa zenera la golosale.

Mzime anawoloka msewu osayang'ana n'komwe magalimoto.

Pazenerapo panali mkazi wa msinkhu wake, wa zikhadabo zopaka utoto wofiira, amene analandira kafoniko ngati ndi kake. Mmisiri anali atafulatira msewu, ndipo poti makutu a anthu a zitsulo anazolowera phokoso, ankayankhula mokweza.

"Akuti chiyani, aneba?"

"Akufunsa kuti muli kuti."

"Eya, alemba! Mulembe kuti: ndili pantchito pompano. Dzulo simunandiyankhe, mtima wanga suli m'malo. Ngati ndakulakwirani mundiuze, ndipepese."

Zikhadabo zofiira zinadina mabatani kanthawi kochepa kwambiri. Foni ya Mzime inanjenjemera m'manja mwake, ndipo anawerenga mokweza ali kumbuyo kwa Mmisiri:

"'Ndili kutali iwe. Usandisowetse mtendere.'"

Mmisiri anatembenuka ngati waponda khala la moto. Wagolosale sanagwe nkhope ngakhale pang'ono. Anangoika kafoniko pa kauntala, pambali pa botolo la maswiti, napinda manja.

"Ndiye inu ndinu a makalata aja? Ine ndimangothandiza, mayi. Munthu akamanena zambiri ndimafupikitsa, zala zimawawa."

"Aneba, ine ndanena zimenezo?" anafunsa Mmisiri.

"Zaka zitatu ndikukusungirani madzi mufiriji, ndikukutchajirani foni, ndikukuwerengerani mameseji a makasitomala. Ngakhale nambala ya apongozi anu aja ndinakusungirani ndine. Munayamba mwandifunsapo kuti ine mtima wanga uli pati? Lero mukufuna ndizikulemberani 'inu, inu' kwa mkazi wina, ndi zala zangazi?"

Mzime sanafune kumva zambiri. Anatembenuka, nayamba kuyenda osadziwa kumene akulowera, ndipo anamva nsapato zolemera za kuntchito zikumutsatira.

* * *

Anamupeza kuseri kwa shedi, pomwe kanjira kanathera pa mpanda. Panalibenso kopita. Panali benchi lachitsulo losamaliza, la miyendo itatu, mbali yachinayi itachirikizidwa ndi njerwa. Mzime anakhalapo. Mmisiri anaima patsogolo pake, chipewa chili m'manja.

"Simudziwa kuwerenga?" anafunsa Mzime osamuyang'ana.

"Ndimadziwa. Sukulu ndinapita ndithu. Ndi maso. Pophunzira ntchitoyi tinkawotcherera ndi kagalasi kosweka, nthawi zina kungotsinzina basi. Geti ndimaliona, nkhope yanu ndimaiona, ngakhale kadontho kakuda ka patsaya panupo. Koma tizilembo timeneti timandisambira m'maso ngati nyerere zogwera m'madzi. Zinayamba zaka zitatu zapitazo, chaka chino zaonjeza."

"Bwanji osandiuza?"

"Mwana wa aphunzitsi, munthu wa makalata. Ine ndibwere ndinene kuti meseji ya mizere iwiri imandikanika? Ndiponso makasitomala akamva kuti mmisiri maso akutha, mageti akapereka kwina. Ndinati ndiziimbabe, mwina tsiku lina mudzayankha, nkhani ya kulemba idzatha yokha. Inu munati ndizilemba. Ndinachita mantha kuti ndikakana ndikutayani."

Kandimverere anakanena za m'maluwa; akuluakulu sananame. Miyezi isanu ndi itatu anthu awiri akukondana kudzera m'zala za munthu wachitatu, wina akubisa maso, wina akubisa makutu, aliyense akuganiza kuti wachilema ndi iye yekha. Mzime anafuna kukwiya, ndipo chifukwa chinalipo, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha ena amene ankakwera pang'onopang'ono.

"Dzulo ndinakulemberani uthenga wautali. Anakuwerengerani kuti chiyani?"

"Anati mwatanganidwa ndi ntchito, ndisakuvutitseni. N'chifukwa chake ndinaimba kawiri madzulo. Sizinamveke ngati inu."

Mzime anatseka maso. Chinsinsi chimene anachisunga zaka ziwiri osauza ngakhale pilo, anachipereka yekha m'manja mwa mkazi wa zikhadabo zofiira, pomwe woyenera kuchimva sanamve ngakhale liwu limodzi. Panalibenso pobisala. Anatsegula pakamwa, nayamba kunena: za diresi, za foni imene inalira katatu, za pakhomo la kukhitchini, za zimene anafufuta pa maliro. Mawu ankatuluka modukaduka, osati osalala ngati a m'meseji, ndipo pena ankaima kuti apume. Mmisiri sanamudule. Anakhala pansi pasimenti, pafupi ndi mapazi ake, chipewa chili pabondo.

Atamaliza, kunangomveka wailesi ya kutali ndi nyundo ya kushedi ina.

"Ine sindikuuzani kuti zisiyeni," anatero Mmisiri. "Mayi sasiyidwa. Munalakwa, inde, koma ndi kulakwa kwa mwana wokwiyira mayi ake, kumene tonse tinachitapo. Kusiyana kwake n'koti ena a ife tinapatsidwa tsiku lina loti tipepese. Inu simunapatsidwe."

Misozi inatsikanso, koma sinali ngati ya m'kachipinda ka mapepala ija. Iyi inkapepuza pachifuwa.

"Bambo anu ayenera kudzamva," anapitiriza, "koma kuchokera pakamwa panu, tsiku limene mtima wanu udzalole. Osati Lamulungu lino, osati chifukwa cha ine. Ndipo Lamulungu ndikubwera, ngati inu simunasinthe."

"Nanga 'iwe' uja?" anafunsa Mzime uku akupukuta mphuno, kaphwete kakufuna kutuluka. "Ine ndinkamukonda, mukudziwa? Ndinkati ndinu mukalimba mtima."

"Ine sindinayambe ndakutchanipo iwe. Munthu amene ndikufuna kukalamba naye sindingayambe ndi kumuchepetsa. Mukadzandilola nokha ndidzayesera, koma lilime lidzavuta."

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikumwetulira mkazi mnzanga."

"Ndipo ine ndakhala ndikumugulira maswiti omuthokoza."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu otopa. Kenako anagwirizana zinthu ziwiri. Lolemba apitira limodzi kuchipatala kukaonetsa maso, ndipo mpaka magalasi atapezeka, mameseji a makasitomala aziwerenga ndi Mzime akaweruka. Chachiwiri ndicho chinali chovuta: kulemberana kwatha, aziimbirana.

"Sinditha," anatero Mzime. "Ikangolira, ndimaona ngati ndili tsiku lomwe lija."

"Tiyese pompano, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndiima apo pakona, muzindiona. Ikalira mudziwa kuti ndi ine, ndipo nkhani yake ndi moni chabe."

Anapisa m'thumba la ovololo, kenako lina, kenako la pachifuwa.

"Ndaisiya pa golosale paja. Dikirani, ndikubwera."

"Tikamaliza mundipatse ndifufute uthenga uja," anatero Mzime. Mmisiri anagwedeza mutu, nazimiririka kuseri kwa malata.

* * *

Anatsala yekha pabenchi la miyendo itatu, foni ili m'manja. Apa m'pamene anaona nthawi, nadabwa kuti akhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu. Anakoka mpweya. Anadziuza kuti ikalira sayang'ana n'komwe, chifukwa akangoyang'ana manja auma monga mwa masiku onse. Angodina n'kuika kukhutu.

Inalira.

Kamodzi. Kawiri. Pa kachitatu anatsinzina, nadina, naiika kukhutu.

"Halo," anatero, ndipo liwulo linatuluka lathunthu. Anatsegula maso akumwetulira, kuti amuone munthu wake ataima pakona.

Mmisiri anali akutulukira kumene kuseri kwa shedi, akuyenda mofulumira. Kafoni kanali m'manja mwake, osati kukhutu.

"Mwayankha," anatero mawu a mufoni. Anali bambo ake. "Ndiye kuti mumatha kuyankha."

Chibadwire chake, bambo ake anali asanamutchepo "inu". Anali "iwe", "mwana iwe", "Mzime wanga", ngakhale pomukalipira.

"Bambo..."

"Ndalandira meseji yaitali kuchokera pa nambala ya mnyamata wanu uja. Ndavala magalasi, ndaiwerenga katatu. Nkhani ya mkazi wanga, imene ndakhala ndikudzifunsa zaka ziwiri, ndiimvere pameseji, kuchokera kwa mlendo?" Kenako anapitiriza: "Mumuuze kuti Lamulungu asavutike. Ndipo inu, bwerani kunyumba. Ndakhala pampando wa mayi anu, ndikukudikirani."

Foni inaduka.

Mmisiri anafika akupumira m'mwamba, nkhope itasokonezeka.

"Aneba atseka golosale. Pondipatsa foni angoti, 'Ndakuperekerani moni kwa apongozi.' Akutanthauza chiyani? Tandiwerengereni apa."

Anamupatsa kafoni kaja. Mzime anakalandira, nayang'ana tizilemboto, ndipo nayenso tinayamba kumusambira m'maso.